Mulungu ndi pothawirapo, si chithumwa

Usiku womwe akuba anathyola nyumba ya achemwali anga ku Area 25, Baibulo linali lovundukula pa Salimo 91. Linali pamwamba pa kabati pomwe linkakhala chaka chonse, tsamba lake litachita kufiira ndi fumbi. Anabwera cha m'ma 2 koloko, amuna anayi, atanyamula zikwanje ndi chitsulo chokanulira chitseko. Anawagoneka chafufumimba pasimenti, iwo ndi ana awo awiri, n'kuyamba kututa: wailesi ya kanema, mafoni, makina osokera omwe banja lonse linkadyerapo, mpaka thumba la ufa lomwe linali litangobwera kuchokera kuchigayo dzulo lake. Mwamwayi sanateme munthu. Nditafika pa kabaza kunja kukungoyera, ndinawapeza atakhala pakhonde atafunda chitenje kumutu. Za kupolisi sananene, za loko watsopano sananene. Anangondiyang'ana n'kuti, "Achimwene, ndinalakwa chiyani ine? Salimo lija ndinachita kuloweza, ndimalinena usiku uliwonse ndisanagone."

Funso limenelo silinandichoke mumtima. M'mene ndakhala ndikulisinkhasinkha, ndafika poona kuti silinabwere ndi akubawo ayi. Tinawapatsa ndife, anthu a m'matchalitchi, ndi zomwe takhala tikuphunzitsana za chitetezo cha Mulungu. Akuba anawalanda katundu, koma ife tinawalanda poponda, chifukwa tinawaphunzitsa kuti munthu wopemphera bwino zoterezi sizimugwera. Tsiku lomwe ankafunitsitsa kuthamangira kwa Mulungu wawo, anali kumuopa ngati munthu amene ali naye mlandu.

Mantha a mu Lilongwe sindikuwapeputsa. Mzinda uno ndi wa mipanda. Mukadutsa ku Area 10, ku Area 43 kapena ku Area 47 nyumba simuiona, mumangoona khoma lalitali, waya wamagetsi pamwamba pake, geti lachitsulo ndi mlonda atakhala pakampando. Mukatsikira kwa Chinsapo, kwa Mtandire kapena kwa Kauma mupeza mantha omwewo, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ndi mpiringidzo kuseri kwa chitseko, mabotolo osweka omatidwa pamwamba pa kampanda, wenzulo pafupi ndi pilo, ndi kandalama kosonkha mwezi ndi mwezi ka anyamata oyendera usiku. Kuwonjezera apo pali mantha a matenda, a lendi, a ntchito yotha mosayembekezera, a kwacha yomwe mu Novembala 2023 inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, anthu n'kudzuka malipiro awo atachepa ali m'thumba momwe. Munthu wokhala chonchi akamva kuti kwinakwake kukupezeka chitetezo, amathamangirako, ndipo sindingamuseke.

Makolo athu anali ndi njira yawo. Nyumba ikamangidwa ankaitana sing'anga kudzatsirika, mankhwala n'kukwiriridwa m'ngodya zonse zinayi. Khanda linkavekedwa chithumwa m'chiuno kapena m'khosi. Mankhwala alionse ankabwera ndi malamulo ake, usadye chakuti, usachite chakuti tsiku lakuti. Choipa chikalowabe, sing'anga sankalakwa. Wolakwa unkakhala iwe mwini, kuti pena pake unaphonya lamulo. Titatembenuka mtima tinatentha nsupa, koma kaganizidwe ka nsupa tinalowa nako m'tchalitchi. Lero ndi kabotolo ka mafuta odzozera m'chikwama, sitika ya nkhope ya "papa" pagalasi la galimoto, madzi owaza pakhomo m'mawa uliwonse, ndi Baibulo lovundukula pakabati kuti lizilondera nyumba. Ndipo tisaloze zala mipingo ya aneneri yokha. Ife a mipingo yakale tili nazo zathu: chakhumi chosaphonya, Mgonero wosajomba, pemphero la pabanja la madzulo alionse. Zonsezi n'zabwino, koma pansi pa mtima ambiri timaziwerengera ngati ndalama yomwe tapereka kwa mlonda, ndiye mlondayo asayerekeze kugona.

Nkhanza ya chiphunzitso chimenechi imaonekera pamaliro ndi m'chipatala. Mayi wataya mwana, anthu ali pa siwa akunong'onezana kuti ankazemba mapemphero. Bambo wapezeka ndi khansa, wina wabwera kudzazonda n'kumuuza kuti afufuze moyo wake, mwina pali khomo lomwe anasiya lotsegula. Munthu ali kale pansi, ife tikumusenzetsanso mtolo wina. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa 10 Juni 2024 ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha anthu 9, mmodzi mwa iwo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, munthu yemwe dziko lonse linkamudziwa kuti ndi wopemphera. Kodi tinene kuti onsewa Salimo 91 sankalidziwa? Amene angayankhe kuti inde, apite akanene zimenezo pamaso pa amasiye.

Ndikudziwa kuti wina andiyankha kuti, koma mawuwo analembedwa. N'zoona, analembedwa. Salimolo limanena kuti mliri sudzayandikira pokhala pako, kuti chikwi chidzagwa pambali pako iwe osakhudzidwa, kuti angelo adzakunyamula m'manja kuti ungagunde phazi pamwala. Ine mawu amenewa ndimawakonda ndipo ndimawakhulupirira. Ndimakhulupiriranso kuti Mulungu amalanditsadi ku ngozi zooneka ndi maso. Zikwanje zija zinalowa m'nyumba ya achemwali anga n'kutuluka zopanda magazi, ndipo ine sindinena kuti zinangochitika. Komatu tikumbukire amene anagwiritsapo ntchito Salimo limeneli ngati chithumwa. Pa Mateyu 4, Satana anaimika Yesu pamwamba pa Kachisi n'kumuwerengera mavesi omwewa a angelo, kuti adziponye pansi. Yesu sananene kuti Salimolo ndi labodza. Anakana kulisandutsa chingwe chokokera dzanja la Atate wake. Ndipo Yesu yemweyo, amene palibe lamulo lomwe anaphonya, anakathera pamtanda.

Pali mutu umodzi m'buku la Machitidwe womwe ndimalakalaka alaliki athu atamauwerenga kuyambira vesi loyamba. Mutu 12 timaukonda chifukwa cha Petro: maunyolo akugwa, mngelo akumutulutsa m'ndende, chitseko chachitsulo chikutseguka chokha. Koma mutuwo umayamba ndi Herode akupha Yakobo, mbale wake wa Yohane, ndi lupanga. Atumwi awiri, mpingo umodzi, mfumu yankhanza imodzi. Wina anatuluka, wina anaphedwa, ndipo palibe paliponse pomwe palembedwa kuti Yakobo chikhulupiriro chake chinali chochepa. Kutuluka kwa Petro kunali mphatso, sanali malipiro.

Chichewa chathu chomwechi chikanatiphunzitsa tikanamachimvetsera. Salimo 46 limayamba ndi mawu akuti, "Mulungu ndiye pothawirapo pathu ndi mphamvu yathu, thandizo lopezekeratu m'masautso." Pothawirapo. Munthu sathawa pali mtendere. Umathawa chifukwa kumbuyo kwako kuli moto, kuli madzi, kuli munthu wonyamula mkondo. Mawuwo akuvomereza kale kuti choipa chafika. Ndipo thandizolo akuti likupezeka m'masautso, m'kati mwenimwenimo. Ngakhale Salimo 91 lomwelo, chakumapeto kwake, Mulungu akulonjeza kuti adzakhala naye pamodzi munthuyo m'nsautso. Vesi limenelo sindinalionepo pa sitika.

Anthu oyamba kuwerenga mawu amenewa m'Chichewa ankadziwa bwino kuthawa. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito yaikulu yomasulira itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mishoni yomwe likulu lake linadzakhala ku Nkhoma, m'boma lino la Lilongwe. Pomwe amishoni ankafika ku Nkhoma mu 1896, anthu a mfumu Mazengera anali akukhala m'phiri chifukwa choopa nkhondo ya Angoni. Iwowo sakanasokoneza phiri ndi chithumwa. Phiri silinkaletsa nkhondo kubwera. Nkhokwe zinkatha kupita, nyumba za kumunsi zinkatha kupsa. Koma amene wafika pamwamba ankakhala ndi moyo, ali pakati pa abale ake, ndipo kukacha ankatha kutsika kukayambiranso. Anthu otere akamva kuti Mulungu ndiye thanthwe ndi linga, ankamva chinthu chomwe miyendo yawo inkachidziwa.

Davide nayenso masalimo ena anawapemphera ali m'phanga, akusakidwa ndi Sauli ngati nyama. Buku la 1 Samueli 22 likuti ku phanga la Adulamu kunasonkhana anthu ngati 400, ndipo likutchula mtundu wawo: osautsidwa, angongole, ndi owawidwa mtima. Ndikawerenga pamenepo ndimaona nkhope zodziwika, munthu amene wazimitsa foni chifukwa cha wakatapila, mayi amene sakupitanso ku banki m'khonde chifukwa ndalama ya gulu inalowa ku matenda a mwana. Pothawirapo pa Mulungu pamadzaza anthu otere. Amene zinthu zikuwayendera kawirikawiri amadalira pena. Pajatu Miyambo 18, itangonena kuti dzina la Yehova ndi linga lolimba, vesi lotsatira likuti wolemera amayesa chuma chake ndicho khoma lalitali.

Nanga ngati katundu angathe kupita, thupi lingathe kudwala, imfa ingathe kulowa, chotetezedwacho n'chiyani? Ndi munthuyo. Ndinaziona kwa achemwali angawo. Milungu yoyamba tulo sankatiwona. Ikangokwana 2 koloko ankadzidzimuka, mtima ukugunda, n'kukhala tsonga mpaka mbandakucha akumvetsera galu aliyense wouwa. Mumtima munayamba kumera zinthu zomwe sizinalimo kale: kukayikira mnyamata aliyense wodutsa pamsewu, kulakalaka atagwidwa mmodzi anthu amuwotche, kuganiza zopita kwa sing'anga kuti awabwezere. Kuba kwachiwiri kunali kumeneko, ndipo kukanakhala koopsa kuposa koyamba. Chomwe chinasintha ndi mapempheredwe awo. Anasiya kulakatula Salimo ngati mawu otsekera chitseko, n'kuyamba kumuuza Mulungu zinthu m'mene zinalili. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, usiku wathawu ndamuuza kuti ndakwiya naye, ndipo ndikuopa. Ndalira mpaka ndagona. Aka n'koyamba kugona mpaka kucha." Anathawira kwa Iye ndi mkwiyo womwe, ndipo sanabwezedwe pakhomo. Anyamata atatu aja a pa Danieli 3 anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, fano salipembedza. Munthu amene wafika ponena zimenezo ali pamalo pomwe chikwanje sichifika.

Izi sizikutanthauza kuti tisiye kukhoma zitseko. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Loko watsopano tinagula tsiku lomwelo.

Koma pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe ikundivuta kwambiri, ndipo ndi yomwe yandichititsa kulemba. Achemwali anga sanachire ndi pemphero la okha m'chipinda. Amayi a Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo, anabwera. Mmodzi, mayi wachikulire wamasiye, anangonyamula mphasa yake ndi bulangete n'kudzagona pabalaza milungu iwiri, osafunsa n'komwe ngati akufunika. Wina anabweretsa makina ake osokera pa njinga n'kuti, "Mayi, muzisokera awa, mudzabweza mukadzapeza anu." A kumlaga, akhristu a m'dera lawo omwe amapemphera nawo, anasonkha ufa, nyemba ndi makala. Wina anganene kuti ameneyo si Mulungu, ndi anthu chabe achifundo. Ine ndimayankha ndi nkhani ya Rute. Boazi atakumana ndi mkazi wachilendoyu akukunkha m'munda mwake, anamudalitsa kuti Yehova, amene iye wadzathawira pansi pa mapiko ake, amubwezere zabwino. Mutu wotsatira, Rute akupempha Boazi kuti amufunditse chofunda chake, ndipo m'Chihebri liwu la phiko ndi la nsonga ya chofunda ndi limodzi. Pemphero la Boazi linayankhidwa ndi chofunda cha Boazi yemwe. Mapiko a Mulungu kawirikawiri amafika pa munthu ngati mphasa ya mayi wamasiye pabalaza.

Ngati zili choncho, ndiye kuti funso lalikulu silili kwa Mulungu, lili kwa ife. M'chilamulo cha Mose munali midzi 6 yopulumukirako, itatu tsidya lino la Yordano, itatu tsidya linalo: Kedesi, Sekemu, Hebroni, Bezeri, Ramoti ndi Golani. Munthu akapha mnzake mwangozi ankathamangira kumeneko, ndipo akangolowa pachipata, wolipsa mwazi sankamukhudza kufikira mlandu utaweruzidwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti Deuteronomo 19 akulamula anthu kukonza njira zopita kumidziyo. Mulungu anapereka pothawira, koma kulambula msewu inali ntchito ya anthu.

Misewu yathu ili bwanji? Madzi a Lingadzi atasefukira kwa Mtandire mu Febuluwale 2017, anthu anathandizana, ndipo pa ngozi zooneka ngati zimenezo timayesetsa. Chomwe chimatikanika ndi kuthawa kwa munthu mmodzi, kwa usiku, kopanda atolankhani. Mkazi wamenyedwa, wathawira kunyumba ya mkulu wa mpingo nkhope itatupa, ndipo kusanache wabwezedwa ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Mtsikana wapezeka ndi mimba, choyamba chomwe tikuthamangira ndi kumuika pa chilango, osafunsa kuti usiku uno agona kuti ndipo wadya chiyani. Mnyamata watuluka kundende ya Maula, wabwera kutchalitchi, aliyense wakumbatira chikwama chake. Matchalitchi athu ambiri tawamangira mipanda yofanana ndi ya ku Area 43, geti lokhoma kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Timalalikira za pothawirapo titatseka njira yake.

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka mumzinda uno, m'boma la Dowa, pali Dzaleka. M'nthawi ya Kamuzu inali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale. Mu 1994 inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Anaikonzera anthu osaposa 12,000, koma tsopano muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu Meyi 2023, boma litalamula kuti onse okhala m'mizinda abwerere kumsasa, apolisi anayenda m'madera a mu Lilongwe kutenga anthu, ena n'kuyamba adutsira kundende ya Maula. Za malamulo a dziko ndi zifukwa za boma ndi nkhani ya tsiku lina. Ine ndikunena za mitima yathu. Pakona ya msewu wathu panali golosale ya bambo wina wa ku Burundi. Mwezi ukafika pakati ankatipatsa shuga ndi sopo pangongole, n'kulemba m'kakope kothimbirira komwe kankakhala pansi pa sikelo. M'mawa wina tinapeza pali loko. Ndinamva anthu opemphera nawo akunena kuti bola apite, malonda abwerere kwa eni dziko, ndipo ine sindinatsegule pakamwa. Lamulungu lake tinaimba mokweza kuti Mulungu ndiye thanthwe lathu lothawirako. Ngongole yanga idakali m'kakope kaja, ndipo sindinapitepo ku Dzaleka kukamufunafuna. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa Ambuye amene ndimamupembedza anaberekedwa kumsana usiku kuthawira ku Igupto, ndipo kumeneko kunapezeka anthu omwe anawalola kukhala. Zimandiwawanso chifukwa dziko lino linasungapo anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, nkhondoyo isanathe mu 1992, ndipo ambiri analandiridwa ndi anthu a m'midzi omwe nawonso analibe kanthu. Makolo athu anagawana nawo minda ndi zitsime. Ife ana awo, amene tili ndi mabaibulo ambiri kuposa iwo, takhala ouma mtima kuposa iwo.

N'chifukwa chake ndikupempha abusa, akulu a mpingo ndi atsogoleri a mapemphero a m'makomo kuti tisiye kulonjeza anthu zomwe Mulungu sanalonjeze. Tikamuuza munthu kuti akapereka, akasala kudya, akadzola mafuta, ndiye kuti ngozi, matenda ndi akuba zidzamulambalala, tikumukonzera tsiku lomwe adzakhale pakhonde n'kumafunsa kuti analakwa chiyani. Ena pa tsiku limenelo amabwerera kwa sing'anga, ena amangosiyiratu kupemphera. Timuuze zoona: tsoka silinunkha, lingathe kufika pakhomo pa woyera mtima, ndipo likafika pali kothawira komwe sakafunsidwa risiti ya chakhumi. Tikatero tikonzekenso kuti wothawayo angathe kugogoda pa chitseko chathu.

Achemwali anga anali atalumbira kuti dzuwa likangolowa sadzatseguliranso munthu, kaya ndi ndani. Patatha miyezi ingapo, usiku wina wamvula, kunamveka kugogoda. Ana anadzuka n'kuwakangamira. Iwo anaima kuseri kwa chitseko, wenzulo ili m'manja, thupi lonse likunjenjemera. Kunja kunamveka mawu a mtsikana wa nyumba yachitatu kuchokera pawo, wokwatiwa chaka chatha chomwechi: "Amayi, ndine. Nditsegulireni, andipha." Kumsana kwake khanda linali likulira. Akuti anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pa mpiringidzo, akumva mvula padenga. Kenako anachotsa mpiringidzowo, n'kumukokera m'nyumba, n'kuuza mwana wawo wamkulu kuti akoleze mbaula aike madzi.